Nyongolotsi za mwana wa aPhiri

Bambo Phiri, Mufakose: Mwaswera bwanji nonse. Ine ndili ndi kankhani kondisowetsa tulo. Mwana wanga uja wachiwiri amene tinamuperekeza pa Roadport chaka chatha wabwera ku holide, nde ndamufunsa kuti kodi kwenikweni ntchito yako ndi chani ku Cape Town ko, akuti adadi timakwera sitima kupita pakati pa nyanja, timatunga matope a pansi, tikabwera nawo ine ndimawerenga nyongolotsi. Ndinachita kukhala pansi ine. Fizi yonse ija ya ku yunivesite ya Zimbabwe (UZ), mpakana tinagulitsa mashini osokera a mai ake, kuti aziwerenga nyongolotsi?? Kuseri kwa nyumba yanga kuno zilipo zambiri zaulele

Dalaivala wa Beira: kkkkkkk madala mwandipha. Koma ndalama akulandira?

Bambo Phiri, Mufakose: Akulandira, wandigulira solar ndi batire. Koma anzanga ku tchalitchi ndiwauza chani

Mai a Tadala, Highfield: Auzeni kuti ndi wasayansi basi. Komanso abale tisaiwale kuti gulu lino ndi la chithandizo cha maliro, mwezi uno anthu 9 sanaponye

Mjomba wa ku Mangochi: Amai dikirani kaye, nkhani ya nyanja ikabwera ine sindingakhale chete. Muikeni mwanayo pagulu atiuze yekha. Ine ndinakulira m'bwato, nyongolotsi timazidziwa ngati nyambo, izi zoziwerenga sindinamvepo

Mai a Tadala, Highfield: Chabwino ndamuika. Koma lero lokha

Naphiri: Zikomo anti. Moni makolo anga nonse, ndaona adadi andigulitsa kale kkkk. Ndifotokoze mmene ndingathere, mundikhululukire Chichewa changa n'cha ku Mufakose.
Kampani ikafuna kuboola pansi pa nyanja kusaka gasi kapena mafuta, boma limaipatsa laisensi yokhala ndi malamulo, usataye zakuti, usaboole pafupi ndi matanthwe a korali, phokoso lisapyole apa. Vuto ndi loti malowo ali pansi pa madzi akuya mwina kilomita imodzi kapena ziwiri, kuli mdima wa ndiweyani, inspekita sangayende wapansi kukaona. Nde njira yokhayo yodziwira ngati lamulo likutsatidwa ndi kutsitsa zida, kutenga matope, kujambula, kuyeza. Ife ndi amene timachita zimenezo

Mjomba wa ku Mangochi: Nanga nyongolotsizo zikulowa pati

Naphiri: Ankolo nsomba ikamva kuti madzi aipa imathawa. Nyongolotsi, tinkhono, tinkhanu ta m'matope sitithawa, timakhala pompo mpaka kufa. Nde ndi mboni zomwe sizingasamuke. Malo abwinobwino mukatunga kamodzi mumapeza mitundu yambirimbiri, uliwonse pang'onopang'ono. Malo amene athiridwa zoipa mitundu yambiri ija imasowa, kumatsala umodzi kapena iwiri yopirira koma yochuluka zedi. Pali kena kofiira kotchedwa Capitella, mukakaona kadzaza mu sefa dziwani kuti pansipo pavunda. Zili ngati munda woti kale munali chimanga, maungu, nyemba, khobwe, kenako mukupezamo kaufiti yekhayekha, simufunika kuuzidwa kuti nthaka yadwala

Bambo Phiri, Mufakose: Ohoo. Kunyumba sunanene chonchi

Naphiri: Simunandipatse mpata adadi, munayamba kuseka ndisanamalize

Mnyamata wa UZ: Asisi fotokozani za pa sitimapo, tsiku limayenda bwanji? ine ndikupanga za environment chaka chachitatu koma nyanja ya mchere sindinaionepo olo kamodzi, practical yathu ndi mtsinje wa Mukuvisi mu Harare muno

Naphiri: Mukuvisi yo usaipeputse, nanenso ndinayambira pomwepo. Pa sitima timagwira ma ola 12, ine ndinali wa usiku. Pali chitsulo chimene timati grab, chili ngati nsagwada ziwiri, chimatsika chili yasa pa chingwe cha winchi, chikagunda pansi chimaluma matope n'kutseka. Chimene timagwiritsa ntchito kwambiri chimaluma malo okwana 0.1 square mita, kachigawo kakang'ono ngati thireyi ya tiyi. Kumalo akuya kwambiri timatsitsa bokosi lachitsulo lolemera lomwe limadula matope osawasokoneza. Kutsika ndi kukwera kokha kutha kudya ola ndi kuposa, nde mwadikira nthawi yonseyo muli ndi nseru sitima ikugwedezeka, chikutuluka mukupeza kamwala kanatsakamira pa nsagwada matope onse anakhuthukira mnjira. Kuyambiranso. Usiku wina tinabwereza kanayi malo amodzi, ndinalira ndithu.
Chikabwera bwino, choyamba timayang'ana pamwamba pa matopewo ndi kununkhiza. Abwino amakhala otuwirako pamwamba, ozizira ngati atuluka mu firiji, mumaona timabowo ndi timachubu ta nyongolotsi titaima ngati ziputu za udzu. Oipa amakhala akuda bii ndipo amanunkha dzira lovunda. Kenako timapala pamwamba ndi supuni yoyera kuika m'botolo la kemikolo, otsalawo timatsuka pa sefa ya mabowo a 1 milimita ndi madzi a m'nyanja momwemo, pang'onopang'ono ngati mukutsuka mpunga, mukathira mwamphamvu tinyama timaduka. Zotsala pa sefa timaika mu mankhwala osungira ndi utoto wina umene umapaka chamoyo chilichonse pinki kuti ku labu tizitha kusiyanitsa ndi mchenga. Kuwerenga kwenikweniko kumachitika kumtunda pa maikulosikopu, miyezi

Gogo Nabanda, Epworth: (akulemba ndi mdzukulu wawo) Agogo akuti mwanawe kodi suopa kugwera m'madzimo, akuti mayi ako anavomera bwanji

Naphiri: Auzeni agogo kuti timavala jekete yoyandamitsa ndipo timamangidwa lamba, amama mpaka lero sanavomere kkkk

Dalaivala wa Beira: Ine ndiyankhule mosabisa. Zonsezi ndi zochedwetsa chitukuko. Dizilo amene ndimanyamula, petulo amene amabwera pa paipi ya Beira kudzera Feruka mpaka ku Msasa kuno, gasi amene mukuphikira magetsi akathima, zonsezi zimachokera pansi. Azungu anakumba zawo analemera, ife tikafuna kukumba akuti dikirani tiwerenge nyongolotsi. Taonani Mozambique, nsanja ya gasi ya Coral Sul ija yoyandama panyanja inayamba kutumiza gasi kunja mu November 2022, ife a Malawi tikungoimba nyimbo ya mafuta a m'nyanja chiyambire 2011 mpaka lero olo dontho

Aphunzitsi, Dzivarasekwa: Achimwene a Beira, mbali ina mukunena zoona, koma chomwe chachedwetsa Malawi si nyongolotsi. Malaisensi atayamba kuperekedwa 2011, kampani ya Surestream itatenga ma block 2 ndi 3 a kumpoto, chaka chotsatira Tanzania inadzutsa mkangano wa malire a nyanja, ife tikuloza pangano la Heligoland la 1890, iwo akuti malire ali pakati pa madzi. Kenako boma lomwe linayamba kuunikanso mmene malaisensi ena anaperekedwera, mitengo ya mafuta inagwanso 2014. Palibe wasayansi amene anaimitsa. Ndipo azungu amene mukuti analemerawo, malamulo okhwimawa anawalemba atapsa kale manja

Dalaivala wa Beira: Anapsa pati

Aphunzitsi, Dzivarasekwa: Gulf of Mexico, 20 April 2010. Nsanja yoboolera mafuta ya Deepwater Horizon inaphulika, anthu 11 anafa, chitsime chinali pansi pa madzi pafupifupi mamita 1,500 ndipo chinakha mafuta masiku 87. Pa nthawiyo ku America bungwe limodzi lomwelo, MMS, ndi lomwe linkagulitsa malaisensi, kutolera ndalama za mafuta, komanso kuyendera makampani. Fisi kumuika kukhala mlonda wa khola lomwe amadyamo. Ngoziyo itachitika analiphwasula, pofika 2011 panali BOEM yoona zopereka malo ndi kuunika chilengedwe, BSEE yoyendera ndi kulanga, ndalama zikutoleredwa ndi ofesi inanso payokha. BP, kampani yomwe inkayendetsa chitsimecho, inadzagwirizana ndi boma kulipira madola 20.8 biliyoni

Naphiri: Aphunzitsi ndionjezere pamenepo chifukwa ndi nkhani imene imandikhudza. Aliyense ankaona mafuta a pamwamba, mbalame zakuda pa TV. Za pansi palibe ankadziwa mpaka November 2010 pomwe asayansi anatsitsa ROV, kaloboti ka kamera koyendetsedwa ndi chingwe, n'kupeza makorali a m'madzi akuya pafupifupi makilomita 11 kuchokera pa chitsime atakutidwa ndi zinthu zabulauni akufa. Makorali amenewo amakula pang'onopang'ono kwambiri, ena ali ndi zaka mazanamazana. Akanapanda kutsitsa kamera ija bwenzi pa mlandu akungowerengera za m'mphepete mwa nyanja basi

Mnyamata wa UZ: Palinso ija ya kampani ya mafuta ya Taylor Energy ku Gulf of Mexico komweko, lecturer wathu amaikonda. Mphepo ya Hurricane Ivan mu 2004 inagumula matope a pansi nsanja yonse n'kugwa, zitsime zinakwiririka. Kwa zaka zoposa 10 kampani imanena kuti akutuluka ndi magaloni ochepa patsiku, osafika olo 10. Anthu ena oyang'ana zithunzi za setilaiti amati ayi, mzere wa mafuta pamadziwo ndi wautali kwambiri. Mu 2019 atatsitsa chotchingira pansi anayamba kutolera magaloni pafupifupi 1,000 patsiku. Ndiye funso lake limakhala loti akuyeza ndi ndani

Dalaivala wa Beira: Apo nde ndagwirizana nawe mfana. Ngakhale ife pa weighbridge sikelo siikhala ya mwini katundu

Mjomba wa ku Mangochi: Nde Naphiri iweyo amakulipira ndani, tiuze zoona

Naphiri: Ankolo mwafika pachilonda. Dzina la kampani ndi malo sinditchula, tinasaina. Koma mmene zimakhalira m'maiko ambiri ndi chonchi, woboolayo ndi amene amalemba ganyu kampani ngati yathu, ife timayeza, lipoti limapita kwa iye, iye ndi amene amalipereka ku boma. Ine palibe anandiuzapo kuti sintha nambala, ndisaname. Koma chinyengo sichifuna kusintha nambala. Chimakhala pa mapu, mwaika malo otungira matope pati. Zinyenyeswa za miyala zotuluka pobooola zimatengedwa ndi madzi kupita mbali imene madzi amalowera, nde ukatunga mbali inayo upeza zonse zili bwinobwino. Ulendo wina wamkulu wathu anapempha kuti tionjezere malo awiri mbali ya kumene madzi amapita, anayankhidwa kuti masiku a sitima atha. Sitima yotere patsiku imadya ndalama zoti ine sindingazione pa chaka, nde mawu akuti masiku atha amatseka pakamwa aliyense. Tinabwerera. Lipoti linali loona, koma loona pa malo amene tinafikapo okha

Mai a Tadala, Highfield: Mmm. Zili ngati kuyeza malungo munthu wina pomwe wodwala ali kuchipinda

Naphiri: Ndendende anti. Nchifukwa chake ine ndimasilira mmene Norway imachitira. Kumeneko boma ndi lomwe limalemba ndondomeko, dera lililonse limayezedwa zaka zitatu zilizonse, malo otungira amaikidwa ngati mtanda kuzungulira chitsime, mamita 250, 500, 1,000, 2,000, mzere umodzi ukutsata kumene madzi amayenda, kuphatikiza malo ena akutali osakhudzidwa oti muzifananizira. Ndipo malipoti ake aliyense atha kuwaona. Kuyeza komweko ndi kumene kunaonetsa kuti zinyenyeswa zopakika matope a oilo zikuononga mtunda wa makilomita angapo, kusiyana ndi mmene makampani ankanenera, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 analetsa kuzitaya m'nyanja. Pambuyo pake maiko a pangano la OSPAR, loteteza nyanja ya Atlantic mbali ya ku Ulaya, anagwirizana m'chaka cha 2000 kuti zinyenyeswa zokhala ndi oilo woposa 1 peresenti zisatayidwe. Lamulo linachokera m'matope, osati matope kutsatira lamulo

Mnyamata wa UZ: Nanga mumadziwa bwanji kuti zoipazo zachokera pa chitsimecho osati kwina? kampani itha kungoti zinalipo kale

Naphiri: Funso la mayeso limenelo kkk. Njira ziwiri. Matope amene amathira m'chitsime pobooola amawalemeretsa ndi mwala wotchedwa barite, nde ukapeza barium wochokera mu mwalawo ali wambiri pafupi ndi chitsime akucheperachepera ukamatalikira, chala chaloza chokha. Mafutanso ali ndi chidindo chake, a chitsime china amasiyana ndi a china, labu imatha kuzindikira. Koma njira yachiwiri ndiyo yaikulu, kuyeza MUSANAYAMBE kuboola. Ngati mulibe chithunzi cha mmene munalili kale, kukhoti mwaluza musanalowe

Aphunzitsi, Dzivarasekwa: Apa nde pali nkhani ya kwathu. Nyanja ya Malawi ndi yakuya mamita pafupifupi 700 kumpoto kuja. Mtsinje wotulutsa madzi ndi umodzi, Shire, ndipo madzi ambiri amachoka ngati nthunzi osati kudzera mu Shire. Kutanthauza kuti chimene chalowa m'nyanja ija chimakhalitsa, si ngati nyanja ya mchere yoti mafunde abalalitsa. Muli mitundu ya nsomba mazanamazana yosapezeka kwina kulikonse, nchifukwa chake UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wake mu 1984. MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe ku Malawi, tili nayo, inakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, koma lamulo la mafuta lenilenilo linalembedwa 1983 nthawi ya Kamuzu

Naphiri: Ndipo chinanso aphunzitsi, njira yanga ya nyongolotsi m'nyanja ya kwathu singagwire paliponse. Kupyola mamita 200 kapena 250 kutsika pansi mulibe okosijeni, madzi a pansiwo sasakanikirana ndi a pamwamba, nde kulibe nyongolotsi zoti uwerenge, kuli mabakiteriya ndi fungo la dzira lija mwachilengedwe. Kumeneko ungadalire kemikolo ndi zida zoyeza madzi zosiyidwa pa chingwe chaka chonse. Munthu akangokopera ndondomeko ya ku North Sea n'kuibweretsa ku Nkhata Bay ndiye kuti sakuidziwa nyanjayo

Mjomba wa ku Mangochi: Zimene wanenazo ife timazidziwa koma mwa njira yathu. Mwera ukaomba masiku angapo nthawi yozizira ija, June July, madzi a kumwera kuno amasintha, amazizira ndipo amachita mtundu wina, akuluakulu amati madzi a pansi akwera. Nthawi zina nsomba zimayandama zokha zitafa. Nde ine mantha anga ndi amenewo, mukataya zoipa pansi mukuti zakhala pansi, mwera ukadzabwera uzitukula kutibweretsera ku Makawa. Komanso chambo chimaswera pansi pa mchenga, champhongo chimakumba kabwalo kozungulira ngati lichero, ndinaziona ndi maso anga ndili mwana tikusambira. Mukathira matope pamenepo chikaswera kuti

Naphiri: Ankolo zimene mwalembazi ndi zomwe ife timalipidwa kuti tizipeze ndi zida kkkk. Mabwalo a chambo amenewo amaoneka pa sonar, chida chojambula pansi pa madzi pogwiritsa ntchito phokoso, ukhoza kuwajambula mapu onse n'kulemba mu laisensi kuti apa nangula asagwe, paipi isadutse. Ku Gulf of Mexico anachita chimodzimodzi ndi matanthwe a Flower Garden Banks, anajambula malire oti mkati mwake musabooledwe, ndipo asayansi akhala akubwerera kukajambula malo omwewo chaka ndi chaka kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Nsanja za mafuta zili pafupi koma korali akadali moyo. Nde a Beira, sikuti n'zosatheka kuti zonse ziwiri zikhalepo

Dalaivala wa Beira: Ndiye bwanji osangopanga zimenezo tiyambe kukumba

Naphiri: Ndalama ndi sitima. Ku Monkey Bay kuli sitima ya kafukufuku ya Ndunduma koma ntchito yake ndi ya nsomba. Mozambique ili ndi mwayi woti sitima ya Norway ija Dr Fridtjof Nansen imatha kufika m'madzi awo pansi pa FAO, bungwe la UN loona za chakudya ndi ulimi, ife singakwere Shire kudutsa mathithi a Kapichira kkk. Chilichonse chimayenera kubwera pa lole n'kumangidwa pa doko. Zinachitikapo, 2005 asayansi anamanga makina oboolera pa Viphya, chombo chonyamula mafuta chija, anaboola pansi pa madzi akuya pafupifupi mamita 600 n'kutulutsa matope osonyeza kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo nyanja inaphwera ndi mamita mazanamazana. Nde kutheka n'kotheka, koma amene uja anali kafukufuku wa mbiri ya nyengo, osati wolondera kampani

Bambo Phiri, Mufakose: Viphya ndikuidziwa, ndinaiona pa Chipoka ulendo umene ndinapita kukaika malume anga

Gogo Nabanda, Epworth: (mdzukulu) Agogo akuti nyanja ili ndi eni ake, akuti kale munthu sumangolowa ndi zitsulo osapempha. Akuti muwafunse a Mangochi za Mbenje

Mjomba wa ku Mangochi: Agogo akunena zoona. Chilumba cha Mbenje ku Salima, kwa mfumu Makanjira, dzinja likafika amatseka, aliyense amachoka pachilumba, ndipo pamakhala anthu olondera. Ukagwidwa ndi ukonde woletsedwa mlandu wake ndi pompo. Nsomba za kumeneko mpaka lero ndi zazikulu kuposa za kwathu. Lamulo lotseka nyanja la boma lilipo konsekonse koma kwathu anthu amapha usiku, kusiyana kwake ndi koti ku Mbenje kuli maso

Mai a Tadala, Highfield: Musapite kutali, damu la Chivero lili pakhomo pathu pompano. EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe kuno ku Zimbabwe, ilipo, malamulo alipo, madzi timamwa omwewo. December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a mmenemo, mbidzi, nsomba zosawerengeka, mpaka analetsa kuwedza. Kuyeza amayeza, ana a ku UZ akhala akulemba za Chivero kuyambira ine ndili mtsikana. Nde ine funso langa Naphiri, ukayeza ukapeza, kenako chani? pepala silinaimitsepo suweji

Naphiri: Anti funso limenelo ndilibe yankho lokoma. Kuyeza kopanda chilango ndi kungolemba mbiri ya maliro. Chimene ndaona n'choti zimaluma pokhapokha nambala italembedwa mu laisensi momwemo ndipo wina ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito. Chitsanzo ku Germany pa magetsi a mphepo a m'nyanja. Akamakhoma zipilala pansi phokoso lake limatha kugonthetsa tinyama tina tonga ma dolphin, nde lamulo linati lisapyole ma decibel 160 pa mtunda wa mamita 750. Amaika maikolofoni m'madzi pa mtunda umenewo, chipilala chilichonse chili ndi nambala yake. Makampani anakakamizika kupeza nzeru, amayala paipi yobooka kuzungulira chipilala n'kupopera mpweya, thovu limakwera ngati katani n'kumeza phokoso. Akanangolemba kuti chepetsani phokoso, opanda nambala, bwenzi palibe wagula paipi imeneyo

Mnyamata wa UZ: Khoti nalonso limaluma. Ku Wild Coast ku South Africa anthu a m'midzi anatengera Shell kukhoti la Makhanda, December 2021 kafukufuku wa seismic, wosaka mafuta pansi pa nyanja ndi phokoso lamphamvu, anaimitsidwa, September 2022 khoti linati chilolezocho chinaperekedwa anthu asanafunsidwe moyenera. Nkhani inapita ku apilo koma sitima ya kafukufukuyo inachoka

Dalaivala wa Beira: Inachoka n'kupita kukapanga ndalama kwina. Namibia 2022 yomweyo Shell ndi TotalEnergies anapeza mafuta ku Orange Basin, a South Africa akungoyang'ana. Ine ndikuti mwana wa ku Karonga amene alibe ntchito simungamudyetse decibel

Aphunzitsi, Dzivarasekwa: Ndipo simungamudyetsenso mafuta achimwene, amadya usipa. Inu nomwe mukabwera ku Malawi katoni ya usipa ndi imene timakulandirirani pa Mbare

Dalaivala wa Beira: kkkk aphunzitsi musandiyalutse. Ine sindikukana kuyeza, ndikukana kuyeza kosatha. Muzarabani kuno kampani ya Invictus inaboola, 2023 analengeza kuti apeza gasi, dziko silinathe

Naphiri: Muzarabani ndi pamtunda ankolo, china chikatayika mfumu ya kumeneko ichiona, atolankhani apita pa galimoto, EMA ifika tsiku lomwelo ikafuna. Pansi pa Nkhata Bay adzaone ndani? Ine ndikanakhala ndi mawu ndikanati boma litenge kachigawo pa ndalama ya laisensi, lilembe lokha oyeza, ayeze zaka ziwiri kapena zitatu chitsulo chisanagwe m'madzi kuti mwera ndi dzinja zonse zilowe m'buku, ana a ku LUANAR ndi Mzuni akhale pa sitimapo, matope ena asungidwe mu firiji kwathu konko kuti mawa kampani ikadzakana tidzatulutse botolo. Ndipo manambala aikidwe poyera kuti ankolo a ku Mangochi athe kufunsa mdzukulu wawo awawerengere

Mjomba wa ku Mangochi: Botolo mu firiji ndi magetsi a kwathu aja?? lidzavunda mlandu usanayambe

Naphiri: kkkkk solar ankolo, ngati ya adadi

Bambo Phiri, Mufakose: Solar yanga musaiyike m'nkhani za boma. Koma iwe, ubwerere kumudzi ukagwire ntchito imeneyo bwanji, m'malo mowerengera azungu nyongolotsi zawo

Naphiri: Adadi pasipoti yanga ndi ya Zimbabwe, ku Malawi ndinapitako kawiri kokha ndipo ulendo womaliza ku Dedza pa boda anandiseka kuti ndikuyankhula ngati wa ku Salisbury. Koma atandiitana ndingapite mawa lomwe. Nyanja ya kwathu sindinatungemo matope olo kamodzi, zonse ndanenazi za kumeneko n'zowerenga ndi zomva kwa anthu ngati ankolo

Mjomba wa ku Mangochi: December ndikupita, tiye limodzi. Mng'ono wanga ali ndi boti la injini, akakuonetsa pomwe chambo chinkaswera kale ndi pomwe chatsala. Chitsulo chako cholumacho n'chachikulu bwanji, chingakwane m'basi?

Naphiri: Chilipo chaching'ono chotsitsa ndi manja, ndibwereka kwa mnzanga wa ku Kariba. Sefa ndili nayo yanga. Koma mukandigulire chingwe cha mamita 50 pa Mbare, cha nayiloni chokhuthala, osati chija choyanikira zovala

Mnyamata wa UZ: Asisi ine ndinyamula zikwama, chonde

Gogo Nabanda, Epworth: (mdzukulu) Agogo akuti mukabwere ndi utaka wouma, akuti wa ku Mbare ndi wa mchenga

Mai a Tadala, Highfield: Chabwino mwamaliza eti. Anthu 9 aja tsopano ndi 8, a Beira aponya pa EcoCash pompano, zikomo. Bambo Phiri inu muli pa 8 po

Bambo Phiri, Mufakose: Naphiri ndiponyere, ndikubwezera ya nyongolotsi ikatha